Mtima ukati "siya" pa chikweza cha Chambe: kodi kudzikhulupirira n'kokwanira?

Funso lachokera kwa mnyamata wa zaka 26 wa ku Chitakale, ku Mulanje. Walemba kuti: "Ndimathamanga makilomita 10 katatu pa sabata mumsewu, ndipo ndimatha mphindi 52. Chaka chatha ndinalowa mpikisano wa Porters Race. Ndinanyamuka bwinobwino ndi gulu lakutsogolo, koma ndisanafike pamwamba pa Chambe miyendo inalemera, mtima unangoti siya. Ndinakhala pamwala, kenako ndinatsika. Anzanga ena akuti vuto langa n'kusadzikhulupirira, ena akuti mapota (onyamula katundu wa alendo m'phiri) ali ndi mankhwala. Ndikufuna kubwereranso. Kodi kudzikhulupirira n'kokwanira? Nanga munthu wagonjapo kale amakupeza bwanji?"

Achimwene, m'kalata yanu muli mawu amene anzanuwo sanawatchere khutu. Mwati munanyamuka ndi gulu lakutsogolo. Mpikisano wanu unathera pamenepo, mphindi 20 zoyambirira zisanakwane, ngakhale kuti pamwala paja munakakhalapo patapita nthawi.

Munthu wothamanga makilomita 10 pa mphindi 52 ali ndi mphamvu ndithu, musadziderere. Koma anyamata amene amatsogola pa Porters Race, mpikisano wothamanga m'phiri la Mulanje, amazungulira mtunda wonsewo, wopitirira makilomita 20, kuchoka pa Likhubula kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula, m'maola awiri ndi mphindi zowerengeka. Kuwalondola anthu oterowo pa chikweza choyamba kunali kusonkhezera nkhuni za tsiku lonse pa phala la m'mawa. Tsiku limenelo chidaliro munali nacho, mwinanso chochuluka kuposa cha anzanu ambiri. Chinalibe pogwira basi. Chitakumana ndi phiri chinasungunuka, ndipo chimene chinatsala ndi mawu aja akuti siya.

Kudzikhulupirira kumathandizadi. Tifotokoza mmene kumathandizira, pamene kumalekezera, ndi mmene mungakumangire kuyambira Malichi mpaka Julaye, mwezi wa mpikisano.

Chimene chimachitika m'mutu pa chikweza

Munthu akamathamanga mtunda wautali, ubongo umakhala ukuwerengera osapuma: panopa zikuwawa bwanji, kwatsala mtunda wotani, ndingapirire mpaka pati. Katswiri wa za thupi la othamanga, Tim Noakes wa ku yunivesite ya Cape Town, anafotokoza kuti ubongo umayamba kuchepetsa mphamvu ya minofu thupi lisanafike pangozi yeniyeni, monga mayi amene amabisa ufa wina kuti ana asaumalize mwezi usanathe. Katswiri wina, Samuele Marcora, sagwirizana naye pa zambiri. Iye amati munthu amaima pamene kuwawa kwa ntchito kwapitirira mlingo umene wavomera kupirira. Koma pamfundo imodzi awiriwa amakumana: nthawi zambiri wothamanga akamaima, m'miyendo mumakhala mukadali mphamvu. Izi mumaziona pothera pa mpikisano uliwonse. Munthu amene amadzikoka pa kilomita yomaliza, akangomva phokoso la anthu ochemerera, amathamanga mamita 300 otsala ngati wangodzuka kumene. Mphamvu imeneyo sanaitole panjira, anali nayo.

Mu 2014 Marcora ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene anthu 24 anapalasa njinga yoyesera mpaka kulephera. Theka la iwo anaphunzitsidwa kwa masabata awiri kudzilankhula mawu olimbikitsa amene anasankha okha. Atayesedwanso, gululi linapirira nthawi yotalikirapo ndi 18 peresenti, pamene gulu losaphunzitsidwa silinasinthe kwenikweni. Chiwerengerochi muchiyang'ane mbali zonse ziwiri. N'chachikulu, chifukwa anthuwo m'masabata awiri sanamere minofu yatsopano. Komanso chili ndi malire. Maganizo amakutsegulirani nkhokwe yanu, koma mumatapamo chimanga chokhacho chimene munaikamo.

Chidaliro chimachokera kuti

Katswiri wa za maganizo, Albert Bandura, analemba mu 1977 za chikhulupiriro chimene munthu amakhala nacho chakuti ntchito yakutiyakuti angaithe. Chikhulupirirochi chimamangidwa pa ntchito imodziimodzi. Mungadzidalire kotheratu pa makilomita 10 a mumsewu koma n'kukhala wopanda kanthu pa chikweza chopitirira ola lathunthu, chifukwa thupi lanu silinakhalepo pamenepo. Bandura anatchula magwero anayi a chidalirochi: zimene unachitapo kale n'kuzitha, kuona munthu wofanana nawe akuzitha, mawu a munthu amene umamudalira, ndi mmene umamasulira zimene thupi likumva. Loyambalo ndiye tsinde, enawo ndi nthambi. Anzanu akamati "ingodzikhulupirira" akukupatsani nthambi, ndipo imathyoka msanga befu likakugwirani.

Anthu olimbikitsa anzawo amakonda nkhani ya Roger Bannister, wothamanga wa ku England. Pa 6 Meyi 1954 ku Oxford anathamanga mailo imodzi, mamita 1,609, pa mphindi 3 ndi masekondi 59.4, kukhala woyamba kutsika pansi pa mphindi zinayi. Nthawi yapamwamba ya 4:01.4 inali itakhala chikhalire kuyambira 1945. Patangopita masiku 46, John Landy wa ku Australia anathamanga mwaliwiro kuposa Bannister. Ndiye olimbikitsa aja amati, mwaona, chotchinga chinali m'mutu basi. Mbali ina n'zoona, chifukwa Landy anali atakakamira pa 4:02 kangapo konse. Chimene amasiya kunena n'chakuti Bannister anakhala miyezi akubwereza mamita pafupifupi 400 kakhumi, kupumula mphindi ziwiri pakati, mpaka ulendo uliwonse unatsika kufika cha m'ma masekondi 60. Tsiku limenelonso anzake awiri, Chris Brasher ndi Chris Chataway, anamutsogolera kumuikira liwiro. Pofika pamzere woyambira, wotchi inali itamuuza kale kuti angathe.

Eliud Kipchoge wa ku Kenya ndiye amene mungamutengere phunziro lolunjika pa vuto lanu. Mu 2017 ku Monza, ku Italy, anayesa kuthamanga marathon, makilomita 42.195, maola awiri asanakwane, ndipo anamaliza pa 2:00:25. Analephera. Koma kulepherako kunamusonyeza kuti chotsala sichikukwana sekondi imodzi pa kilomita iliyonse. Pa 12 Okutobala 2019 ku Vienna anathamanga 1:59:40, ndiye kuti mphindi 2 ndi masekondi 50 pa kilomita. Munthu yemweyo, pa Olympics ya ku Paris mu 2024, sanamalize mpikisano. Kutsika phiri musanamalize si chizindikiro chakuti ndinu wofooka mtima. Ndi uthenga wokuuzani chimene chinaperewera, ndipo uthenga wanu ndi womveka bwino: liwiro loyambira, ndi miyendo yosazolowera chikweza.

Kwathu kunonso zitsanzo zilipo. Catherine Chikwakwa anapeza mendulo ya siliva pa mamita 5,000 pa mpikisano wa achinyamata wa dziko lonse mu 2004, ndipo Mike Tebulo anathamanga marathon pa Olympics ya ku London mu 2012. Komabe munthu amene angakulimbitseni mtima koposa si iwowa. Funani wa msinkhu wanu, kaya wa kabaza kaya wothyola tiyi, amene anamaliza Porters Race m'maola atatu ndi theka kapena anayi. Mufunseni pamene anayenda, pamene anathamanga, chimene anadya. Ubongo umakhulupirira msanga munthu amene mukufanana naye.

Za mankhwala a mapota, tinene mosapita m'mbali. Munthu wonyamula katundu wa alendo amakwera phirili atasenza chikwama cholemera, kangapo pamwezi nyengo ya alendo, kwa zaka. Amadziwa mwala woterera, pokhota njira, pamene pali madzi. Mpikisanowu unayamba uli wa iwowo ndi otsogolera alendo, n'chifukwa chake dzina lake ndi limenelo. Tsiku la mpikisano amangotula chikwama n'kuyenda njira ya kuntchito kwawo. Mukakhulupirira kuti amapambana ndi mankhwala mumaluza kawiri: mumafika poyambira mutagonja kale, ndiponso mumaleka kuwafunsa zimene akudziwa. Apempheni mukwere nawo.

Masabata 16 omanga umboni

Mpikisanowu kawirikawiri umachitika mu Julaye, ndiye yambani pakati pa Malichi. Masiku anayi pa sabata ndi okwanira.

Lachiwiri ndi la zitunda. Tenthetsani thupi pothamanga pang'onopang'ono mphindi 15, kenako pezani chitunda chimene mungakwere kwa mphindi zitatu. Kwerani ka 6, kutsika mukuyenda. Masabata awiri aliwonse onjezerani ulendo umodzi mpaka mufike pa 10. Chofunika kwambiri patsikuli n'chakuti ulendo womaliza ufike pamene woyamba unafika. Ngati woyamba munafika pa mtengo wa mango koma womaliza mwaperewera mamita 50, ndiye kuti munayamba ndi phuma, matenda omwe aja a chaka chatha. Sabata yotsatira yambani mofatsirapo. Pamenepa mukuphunzitsa miyendo, komanso mukuphunzira kudziwa liwiro limene mungalisunge, luso limene munalibe pa Likhubula.

Lachinayi ndi Lamlungu thamangani mofatsa mphindi 40 mpaka 50, liwiro loti mungathe kucheza ndi mnzanu osabanika. Kwa inu ndi cha m'ma mphindi 6 ndi theka pa kilomita. Anyamata ambiri amachita manyazi ndi liwiro limeneli akamadutsa pamsika, n'kuyamba kudzionetsa. Akatero amafika Loweruka atatopa kale.

Loweruka ndi la phiri, ndipo muziwerenga nthawi, osati makilomita. Sabata yoyamba ola limodzi ndi mphindi 15. Onjezerani mphindi 15 sabata iliyonse, koma sabata yachinayi iliyonse chotsani gawo limodzi mwa atatu kuti thupi lipole. Mukatero mufika maola awiri pa sabata ya 5, maola atatu pa sabata ya 10, ndi maola atatu ndi theka pa sabata ya 13. Pamenepo ndiye pachimake. Sabata ya 14 tsikirani pa maola awiri, ya 15 pa ola limodzi ndi pang'ono, ya 16 ndi ya mpikisano. M'Malichi ndi mu Epulo mvula imakhala isanatheretu ndipo miyala imaterera, choncho masabata oyambirira gwiritsani ntchito njira za m'munsi mwa phiri ndi zitunda za m'mbali mwa minda ya tiyi kumene amalola kudutsa.

Pa masabata a 7, 10 ndi 13 kwerani mpaka pamalo osalala a pamwamba pa Chambe, osati pansonga yake. Kuchokera pa Likhubula ndi kukwera pafupifupi mamita 1,000. Njira ya Skyline ndi yoima kwambiri, ya Chapaluka, yodutsa pa Dziwe la Nkhalamba, ndi yotalikirapo koma yofatsa. Yambani ndi ya Chapaluka, ndipo funsani okonza mpikisano njira imene othamanga adzadutse chaka chimenecho kuti maulendo awiri omaliza mudzaitsate. Musakwere nokha. Lembetsani ku ofesi ya zankhalango pa Likhubula, pitani ndi munthu wodziwa phiri, ndipo tengani juzi ndi kajekete kotchinga mvula. Pamwamba pamazizira kuposa pansi ndi madigiri asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo chiperoni chikabwera nkhungu imabisa njira m'mphindi zochepa.

Phunzirani kuyenda. Pamalo oima kwambiri, kuyenda mwamphamvu manja ali pa ntchafu, mapazi akuponda pafupipafupi, kumafanana liwiro ndi kuthamanga koma kumadya mphamvu zochepa, ndipo ngakhale otsogola amatero. Lamulo lake ndi ili: ngati simungathe kunena mawu asanu osapumira pakati, yendani. Izi zimakhudza mtima kwambiri. Munthu amene anadziuza kuti sadzayenda, akangoyenda amadziona ngati wagonja, ndipo pakati pa kuyenda ndi kukhala pamwala pamakhala pafupi. Amene anakonzeratu kuti apa ndi apa ndidzayenda, akamayenda amakhala akutsata dongosolo lake.

Kutsika n'kumene ambiri sakukonzekera. Potsetsereka minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki, imakokeka uku itasenza thupi lonse, ndipo imang'ambika tizidutswa tosaoneka ndi maso. N'chifukwa chake ululu umakula pa tsiku lachiwiri, munthu n'kumalephera kukhala pampando. Ubwino wake ndi wakuti mukatsika kawiri kapena katatu, masabata angapo motalikirana, minofu imazolowera ndipo ululu umachepa kwambiri. Potsika pondani pafupipafupi mwachangu, maso akhale mamita atatu kapena anayi kutsogolo, manja atambasuke pang'ono, ndipo musagonere chagada chifukwa chidendene chimatereka. Kawiri pa sabata, kunyumba, kwerani ndi kutsika pa chitsa kapena pa sitepe yofika m'munsi mwa bondo, ka 15 mwendo uliwonse, maulendo atatu. Pakatha mwezi muzitero mutabereka chikwama cha makilogalamu asanu.

Tsopano gulani kope. Tsiku lililonse mukathamanga lembani deti, njira, nthawi, chimene munadya, kuwawa kwake pa mlingo wa 1 mpaka 10, ndi mzere umodzi wa chovuta chimene munachipirira: "kunali chiperoni, ndinafuna kubwerera pa mlatho, ndinapitirira." Kipchoge amalemba zimene wachita tsiku lililonse m'kope. Pofika Julaye mudzakhala ndi masiku pafupifupi 60 olembedwa ndi dzanja lanu. Mantha akadzabwera usiku woti mawa lake ndi mpikisano, simudzafunika kudzinamiza kuti ndinu ngwazi. Mudzatsegula kopelo n'kuwerenga. Mukaphonya tsiku chifukwa cha maliro kapena ntchito, lisiyeni lipite, musaliunjike pa lotsatira.

Njala imene imadzionetsa ngati kutaya mtima

Thupi limasunga shuga m'minofu ndi m'chiwindi wokwanira ola limodzi ndi theka kapena maola awiri a ntchito yolimba. Akayamba kutha, woyamba kudandaula ndi ubongo. Munthu amayamba kukwiya, kudzimvera chisoni, kudzifunsa kuti ndikuvutikiranji. Othamanga marathon amazidziwa bwino, zimawapeza cha pa kilomita 30 mpaka 35. M'phiri zimabwera msanga chifukwa chikweza chimadya shuga mofulumira, makamaka ukayamba ndi phuma. Ambiri amene amati anataya chikhulupiriro anali ndi njala.

Mankhwala ake ndi kudya musanamve njala. Kuyambira pa mphindi 40, muzilowetsa magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu ola lililonse. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25. Botolo la theka la lita lothira masupuni aakulu awiri a shuga ndi kamchere kotsina ndi zala ziwiri lili ndi ena 25. Nthochi imodzi ndi botolo limodzi pa ola, mwakwanitsa. Mbatata yophika yodula tizidutswa imagwiranso ntchito. Mtedza ndi zokazinga zisiyeni za pothera, zimachedwa kugayika. M'mawa idyani phala la shuga maola atatu musananyamuke. Madzi imwani motsata ludzu, musadzikakamize malita ambirimbiri, chifukwa kumwa mopitirira kumasungunula mchere wa m'magazi ndipo n'koopsa. Zonsezi muziyesere pa maulendo a Loweruka kuti mimba izolowere. Tsiku la mpikisano musayese chakudya chatsopano kapena nsapato yatsopano.

Zochita mawu aja akabweranso

Adzabwera ndithu, ngakhale mutakonzeka bwanji. Amabwera kwa aliyense. Kusiyana kwake n'kwakuti wokonzeka amawayembekezera ndipo ali ndi chowayankha.

Choyamba, ligaweni phirilo. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Ubongo ukaganiza za makilomita 20 uli pa kilomita yachitatu umachita mantha, n'kuyamba kubisa mphamvu. Upatseni zidutswa zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zimene munazidziwa pokwera: kuchokera poyambira mpaka powoloka mtsinje, mpaka pamene mitengo imathera, mpaka pamwamba, kenako chigawo cha pakati pa Chambe ndi Lichenya, kenako kutsika. Chigawo chilichonse chikhale ndi nthawi yake yochokera m'kope lanu. Zikafika povuta zedi, chepetsaninso: mapazi 50, kenako ena 50.

Sankhani mawu atatu kapena anayi, aafupi, a chilankhulo chimene mumalota nacho, kaya Chichewa kaya Chilhomwe. Ena akhale okuuzani chochita: "mapewa pansi", "ponda pafupi", "puma mpaka m'mimba". Ena akhale okukumbutsani umboni: "apa wadutsapo katatu". Othamanga ambiri amaona kuti kudzilankhula ngati ukulankhula mnzako, "iwe, tiye", kumagwira bwino kuposa "ine". Pewani mawu amene thupi lingawatsutse. Mukamati "sindikutopa" miyendo ikuyaka moto, ubongo umadziwa kuti mukunama. "Zikuwawa, ndipo ndikuyendabe" ndi mawu oona, ndiye amagwira. Mawuwa muziwagwiritsa ntchito pa maulendo awiri omaliza a zitunda Lachiwiri lililonse. Anthu a m'kafukufuku uja anachita kuyeserera masabata awiri, sanangowatola tsiku lomwelo.

Konzeranitu mayankho a zovuta zimene mukudziwa kuti zingabwere, muwalembe. Akandipitirira anthu khumi pa chikweza choyamba, ndidzayang'ana wotchi yanga, osati misana yawo. Katumba akakokana, ndidzaima, ndimuwongole masekondi 30, ndiyende mphindi ziwiri. Ndikagwa, ndidzadzuka, ndiyese bondo poyenda mapazi 20, ndipitirire ngati likulola. Munthu wotopa saganiza bwino, choncho zoganiza zithere kunyumba.

Lamulo limene likanakupulumutsani chaka chatha ndi la mphindi khumi. Mtima ukati siya, musagamule pomwepo, ndipo musakhale pansi. Chepetsani liwiro mpaka kuyenda, idyani, imwani, yang'anani wotchi. Dziuzeni kuti nkhani yosiya mudzaikamba pakatha mphindi khumi. Shuga amayamba kufika m'magazi m'nthawi ngati imeneyo, kupuma kumakhazikika, ndipo nthawi zambiri funsolo limakhala litachoka lokha. Musagamule zosiya muli pakati pa chikweza. Fikani kaye pamalo osalala.

Nthumanzi ya m'mawa wa mpikisano musaiope. Mtima kugunda, m'mimba kubwadamuka, kupita kuchimbudzi katatu, ndi mmene thupi limakonzekera ntchito yaikulu, ndipo akatswiri omwe zimawachitikira. Amene amazimasulira kuti "ndakonzeka" amathamanga bwino kuposa amene amati "ndadwala". Usiku womaliza mukalephera kugona musade nkhawa, bola masiku am'mbuyomo munagona mokwanira.

Zolinga zikhale zitatu. Choyamba, kumaliza muli bwino. Chachiwiri, nthawi imene kope lanu likusonyeza kuti mungaithe. Chachitatu, nthawi ya tsiku limene zonse zayenda bwino, mwina yochepera ndi mphindi 15. Wokhala ndi cholinga chimodzi chokha, chikangomuthawa pa Chambe amasowa chothamangira. Chaka chino choyambacho ndiye chachikulu. Zopikisana ndi otsogola ndi ntchito ya zaka zitatu kapena zinayi.

Pamene mtima ukunena zoona

Mbali iyi tikuigogomezera chifukwa kudzikhulupirira kosamva kumavulaza anthu. Kuwawa kwa ntchafu, befu, matuza, kutopa kofika m'mafupa, zonsezi ndi za mpikisano ndipo mungazipirire. Koma pali zizindikiro zimene simuyenera kulimbana nazo: kupweteka kapena kuthina pachifuwa, chizungulire chosatha ngakhale mwayenda ndi kudya, kusokonezeka mutu kapena kudzandira, kunjenjemera kosalekeza mutanyowa pamwamba pozizira, ululu wobaya pamalo amodzi a fupa umene ukukula ndi phazi lililonse, ndi mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Zikatere imani, uzani woyang'anira njira kapena wothamanga mnzanu, ndipo mukatsika pitani kuchipatala.

Malungo nawonso. Musathamange thupi likutentha, ndipo mukadwala malizani mankhwala onse, mudikire mpaka mphamvu zibwerere, muyambenso ndi masiku ofatsa. Ngati mukutopa modabwitsa pa liwiro limene kale linali losavuta, kwa masabata awiri kapena kuposerapo, kayezetseni magazi. Kuchepa kwa magazi kumafooketsa wothamanga mwakachetechete, ndipo munthu amayamba kudziimba mlandu wa ulesi pamene vuto lili m'thupi.

Mwala uja

Mukudziwa pamene uli. Pa ulendo wa sabata ya 7, ngati njira yanu ikudutsa pamenepo, kapena pa wa sabata ya 10 mukamatsata njira ya mpikisano, mukaufike mukuyenda liwiro lanu, mutadya, mukupuma bwino. Ugwireni ndi dzanja, yang'anani wotchi, pitirirani mpaka pamwamba, ndipo madzulo mulembe nthawiyo m'kope. Pa sabata ya 13 muchitenso chimodzimodzi. Panopa m'mutu mwanu mwalawo ndi malire a mphamvu zanu, chifukwa chinthu chokha chimene munachitapo pamenepo ndi kukhala pansi. Mukaudutsa kawiri, udzasanduka chizindikiro cha panjira ngati mtengo kapena mtsinje.

Tsiku la mpikisano imani m'mbuyo mwa gulu, osati pamzere woyamba. Mphindi 20 zoyambirira zikhale zofatsa mpaka muzichita kudzikayikira ngati simukuchedwa. Adzakupitirirani ambiri, ena achikulire kuposa inu, ena opanda nsapato. Asiyeni. Muyambe kuwerenga anthu mukafika pamwamba, ndipo muziwerenga okhawo amene inu mukuwapitirira. Mukafika pa mwala uja, yerekezani nthawi ndi ya m'kope. Ngati mwafulumira ndi mphindi zoposa zitatu, chepetsani liwiro, sendani nthochi, mudye mukuyenda.